Phokoso Limene Ena Salimva

Mwezi wathawu ndinacheza ndi mayi ena othyola tiyi amene amakhala ku Mandeya, m'chigwa cha Honde, m'boma la Mutasa. Makolo awo anachokera ku Mulanje, monga mabanja ambiri a ku Malawi ndi ku Mozambique amene anadzafuna ntchito m'minda ya tiyi ya ku Manicaland, ulimi umene unayambira pa esiteti ya New Year's Gift ku Chipinge m'chaka cha 1924 n'kufika ku Honde patapita zaka. Mwana wawo woyamba, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anagulira banjalo sola, batire, inveta ndi kafiriji. Anansi anabwera kudzaona ndipo onse anati banjali latukuka. Koma mayiwo anandiuza kuti chilowereni zipangizozi m'nyumba, tulo sakutiona.

"Mwanangu," anatero, "inveta ija imalira ngati udzudzu umene walowa m'khutu n'kukana kutuluka. Firiji ikayamba kung'ung'uza, mutu umachita kung'amba. Ndikawauza bambo a kunyumba amati iwo sakumva kanthu."

Nkhaniyi inakula. Bambowo anaona ngati mayiwo sakuyamika mphatso ya mwana wawo. Achibale ena anayamba kunong'onezana kuti mwina alodzedwa ndi anthu ansanje, ena kuti mutu wayamba kusokonekera. Mapeto ake mayiwo anasamukira m'khitchini, kumagona pamphasa pafupi ndi mafuwa, kenaka m'mawa n'kupita kumunda ali wotopa. Aliyense amene anathyolapo tiyi akudziwa kuti malipiro amatsata makilogalamu a masamba, choncho kusowa tulo n'kuchepanso kwa ndalama pakhomo.

Choyamba chimene tiyenera kudziwa n'chakuti phokosoli limakhalapodi. Magetsi a m'Zimbabwe, monganso a ku Malawi, amasinthasintha ka 50 pa sekondi imodzi, ndipo izi zimachititsa kuti mafiriji ndi mathiransifoma azing'ung'uza. Mainveta, matchaja a foni ndi mababu ena otsika mtengo amatulutsa kamawu koonda kwambiri. Ma TV akale aja a chimsana amalira ka 15,625 pa sekondi. Khutu la mwana limatha kumva mawu oyambira pa ka 20 kufika pafupifupi ka 20,000 pa sekondi, koma munthu akamakula, kapena akagwira ntchito zaka zambiri pafupi ndi makina aphokoso, mawu oondawo amayamba kumuphonya. Bambo a mayi aja anagwirapo ntchito nthawi yaitali m'fakitale. Choncho pamene ankati sakumva kanthu sankanama, ndipo mayiwo sankanamanso.

Chachiwiri n'chakuti pali anthu amene makutu ndi ubongo wawo zimalandira mawu wamba ngati phokoso lalikulu, mwinanso lopweteka. Madokotala amalitcha vutoli hyperacusis. Nthawi zambiri limayendera limodzi ndi tinnitus, komwe ndi kulira kwa m'khutu kumene munthu amamva ngakhale pamalo pali zii. Palinso vuto lina lotchedwa misophonia, dzina limene akatswiri awiri, Pawel Jastreboff ndi Margaret Jastreboff, analipereka m'chaka cha 2001. Pa vuto limeneli mawu ena ake, monga kutafuna kapena kugogoda, amadzutsa mkwiyo kapena nkhawa yaikulu ngakhale ali apansipansi. Hyperacusis ikhoza kuyamba munthu atakhala nthawi yaitali paphokoso, atavulala m'mutu, kapena ngati amadwala mutu waching'alang'ala, ndipo nkhawa ndi kusowa tulo zimalikulitsa. Kuno kumene malungo savuta kupeza, tikumbukirenso kuti kwinini amachititsa makutu kulira, ndipo mankhwala ena obaya monga streptomycin akhoza kuwononga kumva. Koma munthu asasiye yekha mankhwala amene wapatsidwa. Abwerere kuchipatala akafotokoze.

Kukula kwa phokoso kumayezedwa ndi muyeso wa decibel. Anthu akamacheza bwinobwino amafika pafupifupi 60, pamene firiji yabwino imakhala cha m'ma 40. Phokoso la 85 kupita m'tsogolo, munthu akamakhalapo maola 8 tsiku ndi tsiku, limawononga makutu pang'onopang'ono. Lipoti la bungwe la World Health Organization la m'chaka cha 2021 linanena kuti anthu oposa 1.5 biliyoni padziko lonse ali ndi vuto lina lake la kumva. Si matenda a ku tawuni okha ayi.

Nanga banja lingachite chiyani? Liyambe ndi kumukhulupirira wodandaulayo. Kenaka lifufuze chimene chikulira pozimitsa zipangizo chimodzichimodzi usiku. Inveta ndi batire zichotsedwe m'chipinda chogona n'kuikidwa pamalo opita mphepo. Musazifunditse bulangete pofuna kuchepetsa phokoso, chifukwa zikatentha zikhoza kuyambitsa moto. Firiji ikhale pamalo osalala, isakhudze khoma, ndipo pansi pa miyendo yake muike zidutswa za labala ya tayala lakale. Tchaja izulidwe foni ikadzaza. Jenereta ikhale panja, kutali ndi zenera, pakuti kuwonjezera pa phokoso, utsi wake umapha anthu ali m'tulo. Soketi ikamalira, ikamatentha kapena kununkha ngati pulasitiki wopserera, limenelo si vuto la makutu. Zimitsani msanga ndipo itanani wodziwa zamagetsi.

Pali cholakwika chimodzi chimene ambiri amachita ndi mtima wabwino, ndicho kutseka makutu ndi thonje tsiku lonse. Zotsekera makutu n'zofunika m'fakitale, pachigayo kapena podula mitengo ndi makina. Koma munthu akamazivala paliponse, makutu amazolowera bata ndipo mawu wamba amayamba kumupweteka kuposa kale. Akatswiri amalangiza kuti munthu azizolowetsa makutu pang'onopang'ono ndi mawu ofatsa amene samuvutitsa, monga wailesi yotsegulidwa pansipansi, mvula padenga kapena madzi a mumtsinje. Musatokose m'khutu ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga, ndipo musathiremo mafuta kapena madzi a zitsamba.

Kwa inu alangizi a zaumoyo ndi ogwira ntchito zachitukuko, funso la makutu lisamasowe pamene mukuyendera mabanja. Mwana amene amatseka makutu TV ikayatsidwa, kapena amene amalira kutchalitchi masipika akamasokosa, asathamangiridwe kumenyedwa kuti ndi wamwano. Munthu amene khutu likutuluka mafinya, amene wasiya kumva mwadzidzidzi, amene akuchita chizungulire, kapena amene khutu limodzi lokha likulira osaleka, apite kuchipatala mosachedwa. A ku Honde angayambire ku kiliniki yawo kapena ku chipatala cha Hauna, a ku Chipinge ku chipatala cha boma lawo, ndipo ngati pakufunika angatumizidwe ku chipatala cha Victoria Chitepo ku Mutare. Tsiku la 3 Malichi chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira za kumva padziko lonse, ndipo ndi mpata wabwino wokambirana nkhaniyi m'makomboni ndi m'masukulu.

Mayi a ku Mandeya aja anabwerera m'chipinda chawo. Mphwawo wa bambowo anasamutsira inveta ku kachipinda kosungiramo katundu, ndipo firiji inaikidwa pa labala. Vuto silinatheretu, amati masiku ena mbale zikagundana amamvabe ululu, ndipo akudikira tsiku lokaonana ndi dokotala. Pamene ndinkatsanzika, bambowo anandiperekeza mpaka kumsewu. "Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe," anatero. "Ndikapita nawo ku Hauna. Nanenso akandiyeze makutuwa."