Kacithunzi ka pa fayilo kazikamba zoona

Mukaloŵetsa fulashi mu kompyuta, maso amasankha musanaŵelenge dzina lililonse: aka n'kanyimbo, aka n'kakalata, aka n'kafoda. Amakuuzani ni tuzithunzi tung'ono-tung'ono tokhala pambali pa dzina la fayilo, tumene pa Cizungu amati ma icon. Pa Windows na Mac, kampani ndiyo imagamula mmene tudzaonekela. Pa Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint, nchitoyi imacitikila poyela, ndipo ambili oicita ni odzipeleka cabe. Funso limene wojambula aliyense amakumana nalo n'lakuti: kacithunzi kaonetse mtundu wa fayilo, kapena cizindikilo ca pulogilamu imene imaitsegula? Ine nili kumbali ya mtundu wa fayilo.

Coyamba tione mmene Linux imasankhila kacithunzi. Fayilo iliyonse ili na mtundu wake wochedwa MIME. Nyimbo ya MP3 ni audio/mpeg, cikalata ca PDF ni application/pdf. Kompyuta imadziŵa mtunduwo poona mapeto a dzina, ndipo nthawi zina imasuzumilanso mkati, cifukwa PDF yeniyeni imayamba na zilembo %PDF. Ikadziŵa, imasakila kacithunzi ka dzina logwilizana, monga audio-mpeg. Ikakasoŵa, imatenga ka banja lonse, audio-x-generic. Malamulo a maina amenewa amasungidwa na freedesktop.org, ndipo GNOME na KDE onse amawatsatila. Conco wojambula safunika kujambula mtundu uliwonse wa fayilo padziko. Akakonza bwino tuzithunzi twa mabanja akulu-akulu, monga mawu, vidiyo, cithunzi, zolemba na pulogilamu, wagwila kale mbali yaikulu ya nchito.

Manje cifukwa ciani nikana cizindikilo ca pulogilamu? Onani kompyuta ya Windows imene VLC ndiyo imatsegula zonse. Nyimbo, filimu, mawu ojambula pa foni, zonse zavala kakoni kamodzi-modzi ka pamsewu. Kakoniko kakuuzani amene adzatsegula citseko, koma zimene zili m'nyumba simuzidziŵa. Ku wailesi nkhaniyi si yaing'ono. Aliyense amene anaseŵenzetsapo Audacity yakale adziŵa fayilo ya .aup: inalibe mawu mkati, inali cabe kulozela ku foda ina ya mawuwo. Munthu watsopano amaikopela yokha pa fulashi, n'kufika nayo ku situdiyo ali na cidalilo conse, pulogilamu yatsala mphindi zisanu, koma mawu palibe. Kuyambila mu 2021 Audacity imaika zonse mu fayilo imodzi ya .aup3, koma nayonso si cinthu coulutsa pa mphepo, ifunika kusandutsidwa MP3 kapena WAV coyamba. Kacithunzi kabwino kayenela kusiyanitsa nchito yosatha na mawu okonzeka, mwakuti olo munthu wothamanga aone kusiyana.

Palinso nkhani ya citetezo. Pa Windows, pulogilamu imanyamula kacithunzi kake-kake, ndipo ikhoza kuvala kalikonse. N'cifukwa cake mavailasi a pa fulashi, aja timatenga m'malo opulintila na kucita fotokope, amakonda kudzionetsa monga foda yacikasu. Mumadiniza muganiza mutsegula foda, kansi mwayatsa vailasi. Cinyengo ca mtundu umenewu n'cakale: mu May 2000 vailasi ya ILOVEYOU inafalikila na fayilo yooneka monga kalata ya .TXT, cifukwa Windows inali kubisa mapeto ake enieni a .vbs. Pa Linux, pulogilamu wamba imene mwaipeza pa fulashi siisankha yokha covala, imapatsidwa kacithunzi ka banja la mapulogilamu. Mwayi umenewu wojambula akhoza kuutaya ngati ajambula kacithunzi ka pulogilamu kofanana na ka cikalata. Cinthu cimene cimayatsidwa cizioneka cosiyana kothelatu na cinthu cimene cimaŵelengedwa.

Apa m'pamene nimakangana na kapepala koyela kopinda pakona. Kanachuka na kompyuta ya Xerox Star mu 1981, ndipo mpaka lelo magulu ambili a tuzithunzi amaika ciliconse pamwamba pake. Pa cithunzi cacikulu kamaoneka bwino. Koma mu mndandanda wa mafayilo kacithunzi kamakhala ma pixel 16 m'litali na 16 m'lifupi, kutanthauza tumadontho 256 cabe. Pepala likadya theka la malowo, cizindikilo ceniceni cimatsala monga kanyelele. Zilembo monga PDF kapena DOCX zimasanduka matope, ndipo olo zioneke, zimathandiza cabe amene adziŵa kale tanthauzo lake. Gulu la Tango, limene linayamba mu 2005, linali kujambula tuzithunzi twa saizi yaing'ono patokha m'malo mongocepetsa cacikulu. Ni nchito yotopetsa, yopanda amene angakutamandeni, koma ndiye kumene anthu amayang'ana tsiku lililonse.

Ena adzati: koma anthu anazoloŵela W wa buluu na X wa gilini, ukawacotsela udzawasokoneza. Mfundoyi ni yolemela, ndipo siniitaya. Munthu wocoka pa Windows amafika na maso ophunzila kale. Yankho imene niona kuti ni yabwino ni kusunga mtundu n'kusiya cizindikilo ca kampani. LibreOffice imacita zofanana: buluu kwa Writer, gilini kwa Calc, olenji kwa Impress. Cikalata ca buluu cokhala na mizele ya zolemba cimamveka kwa onse, kaya ni .docx kapena .odt. Koma mtundu paokha si wokwanila. Pali anthu amene sasiyanitsa bwino cofiila na cobiliŵila, ndipo masikilini ambili a salaula amene timaseŵenzetsa anafwifwa kale. Kaumbidwe nako kazisiyana.

Kadandaulo kanga kang'ono ni aka: m'magulu ambili, kacithunzi ka banja la mawu ni cizindikilo ca nyimbo ca m'mabuku a kwaya. Nkhani za madzulo si nyimbo, kukambilana na mlimi si nyimbo. Sipika kapena mafunde a mawu angakwanile zonse.

Ubwino wake, zitseko n'zotsegula. Magulu monga Breeze wa KDE na Papirus amasunga tuzithunzi twawo mu SVG, ndipo Inkscape yojambulila ni yaulele. Olo simudziŵa kujambula, mukhoza kuika tuzithunzi pa saizi 16, kuitana mnzanu amene sanagwilepo Linux, na kumufunsa kuti aloze nyimbo, cikalata na pulogilamu osaŵelenga maina. Pamene walakwitsa, jambulani sikilini na kutumiza lipoti kwa osamalila gululo, mochula dzina la kacithunzi na saizi imene kanakanga.