Mapadi atsopano pa disiki yotha si kukonza mabuleki

Galimoto zambiri zimene zimanyamula mabanja athu zinayambira moyo ku Japan. Toyota Premio ndi inzake Allion, zomwe zinapangidwa kuyambira mu 2001 mpaka 2021, Camry, Mark II yomwe inasiyira malo Mark X mu 2004, zonsezi zimafika kuno zitayenda kale zaka zambiri kwawoko. Zambiri zimatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowera pa Songwe, n'kuyamba moyo wachiwiri m'fumbi ndi m'maenje. Injini zake n'zopirira, ndipo eni ake amazisamala. Oyilo amasinthidwa pa nthawi yake, matayala amapopedwa, thupi limatsukidwa Loweruka lililonse. Mabuleki okha ndiwo amakumbukiridwa tsiku limene ayamba kulira.

Akalira, zochitika zake tonse timazidziwa. Munthu amagula mapadi pamsika, n'kupita pagalaja, n'kunena kuti, "Amakaniko, tandiikiraniko awa, ndili pachangu." Tayala limachoka, akale amatuluka, atsopano amalowa, galimoto n'kubwerera mumsewu. Disiki, chitsulo chozungulira chimene mapadiwo amapana, palibe amene waiyeza. Ine ndimati ntchito yotere yathera pakati, ndipo mwini galimoto walipira kuti mtima wake ukhale pansi pomwe mabuleki ake sanakonzedwe.

Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Mukaponda, mafuta a mabuleki amakankha pisitoni ya mu kalipa, chitsulo chimene chimagwirizira mapadi, pisitoniyo n'kupanitsa mapadi awiri pa disiki. Mphamvu yonse imene inkathamangitsa galimoto yolemera kuposa tani imodzi imathera m'zitsulo zimenezo, makamaka zakutsogolo, poti galimoto ikamaima kulemera kwake kumatsamira kutsogolo. Liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi. Amene akuima kuchokera pa makilomita 100 pa ola akupatsa madisiki ake moto wochuluka kanayi kuposa amene akuima kuchokera pa 50. Disiki yonenepa imameza motowo n'kuutaya mumphepo. Yopyapyala imatentha msanga, imatha kung'aluka, ndipo mapadi akatenthedwa kupyola muyezo amayamba kutsetsereka m'malo mogwira.

N'chifukwa chake opanga amadinda nambala pa disiki iliyonse, m'mphepete kapena pakati pamene imakhalira pa habu. Pamalembedwa kuti MIN TH, kenako mamilimita. Disiki ikaperepeseka kufika pamenepo, ntchito yake yatha, kaya ikuoneka yosalala bwanji. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kusiyana kwa disiki yatsopano ndi yotha n'kochepa kwambiri, kawirikawiri mamilimita 2 kapena 3 basi. Diso silingaone zimenezo, chala sichingayeze. Pamafunika chida choyezera chotchedwa maikolomita, ndipo woyezayo ayeze pamene mapadi amakhuza, osati pamlomo wakunja. Mlomo umenewo mapadi safikapo, choncho umakhala wonenepa ngati kale n'kumanamiza woyeza. Mukaumva ndi chikhadabo kuti watukuka, dziwani kuti chitsulo chambiri chapita kale.

Disiki yakale imakhalanso ndi mizere. Padi yatsopano ndi yosalala, ndiye ikaikidwa pa disiki yotere imangokhudza pamwamba pa mizereyo, ngati khasu lopala pamwamba pa mizere ya m'munda osafika m'makwawa. Masiku oyambawo galimoto imaima mochedwa kuposa mmene woyendetsa akuganizira, ndipo padiyo imadyeka mwamsanga potsatira mabala a disiki. Ngati chiwongolero chimanjenjemera mukaponda buleki muli pa liwiro, disikiyo siinadyeke mofanana, ndipo mapadi atsopano sangachize zimenezo.

Pali amisiri amene amapala madisiki pa makina, ndipo ntchito yawo ndimailemekeza. Kupala n'kwabwino ngati disiki ikhalebe pamwamba pa nambala ija ikatuluka pa makinapo. Ikatsika, mwalipira kuti akupatseni chitsulo chonyezimira koma choopsa kuposa poyamba. Ndipo kaya mukupala kaya mukugula zina, chitani mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere. Mbali imodzi ikamagwira kuposa inzake, galimoto imakokera kumbali pa nthawi imene mukufuna kuti iime mowongoka.

Ntchito yeniyeniyo si yovuta, ndipo munthu wodekha wokhala ndi masipanala angathe kuigwira pakhomo. Koma tinthu tating'ono timene anthu amadumpha ndi timene timasiyanitsa ntchito yabwino ndi yongochotsa phokoso. Galimoto ikhale pa masitandi achitsulo, jeke ndi yokwezera chabe. Kalipa ikamasulidwa imangiriridwe ndi waya, isalendewere pa paipi yake ya labala, poti paipiyo ikavulala mkati simudzaona mpaka tsiku lophulika. Fumbi la mabuleki lisauziridwe ndi pakamwa, chifukwa mapadi ena akadali ndi asibesitosi amene amawononga mapapo.

Pa galimoto zakalezi, vuto lalikulu limabisala m'timapini tiwiri timene kalipa imatsetserekapo. Madzi a m'nyengo ya dzinja ndi fumbi la m'chilimwe zikalowa pa labala yong'ambika, pini imachita dzimbiri n'kuuma. Zikatero padi imodzi imatha mpaka pachitsulo inzake ikadali yonenepa. Mukaona mapadi akale atadyeka mosiyana chonchi, musangowataya, akukuuzani pamene pali matenda. Mapiniwo atulutsidwe, atsukidwe, apakidwe girizi wa mabuleki. Girizi wamba amatupitsa labala, pini n'kuumanso pakangopita miyezi yochepa. Pamene disiki yatsopano ikakhale, dzimbiri lipalidwe mpaka chitsulo chiwale, chifukwa kachidutswa kochepa kakatsalira pansi pake disikiyo imazungulira mopendekeka, kunjenjemera kuja n'kubwerera. Mafuta amene disiki yatsopano imabwera itapakidwa kuti isachite dzimbiri m'bokosi apukutidwe onse. Manati a tayala amangidwe modumphitsa, ndipo pa Toyota zambiri za msinkhu uwu muyezo wake ndi 103 Nm. Chizolowezi chokwera pa sipanala ndi phazi, kapena kuwonjezera paipi, chimapinda zinthu ndi kuthyola mabawuti.

Tayala likabwerera, pali chinthu chimodzi chosayenera kuiwalika ngakhale pang'ono. Pisitoni inakankhidwira mkati kuti mapadi onenepa alowe, choncho kuponda koyamba phazi limangofika pansi popanda chogwira. Pondani kangapo galimoto isanasunthe mpaka buleki ilimbe. Kenako pezani msewu wopanda anthu, muthamange cha pa 60, muchepetse liwiro mpaka pafupi kuima, mubwereze kangapo, ndipo muyende pang'ono kuti zizizire. Apo m'pamene padi ndi disiki zimazolowerana.

Mafuta a mabuleki nawo amakalamba, chifukwa amayamwa chinyontho cha mumpweya. A DOT 3 atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi muyezo umatsikira pa 140. A DOT 4 amayambira pa 230 n'kutsikira pa 155. Mafuta akawira amachita thovu, ndipo thovu silikankha pisitoni. Ganizirani galimoto yodzaza ana ndi matumba a chimanga ikutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, kapena Chiweta, kapena mtsetse wa ku Thabwa polowera ku Chikwawa, phazi lili pa buleki kuyambira pamwamba. Madisiki opyapyala, mafuta a zaka zisanu. Mawa lake timamva kuti galimoto inaduka mabuleki, ngati kuti ndi tsoka logwa kumwamba. Mafutawa azisinthidwa pakapita zaka ziwiri, ndipo pa mtsetse giya itsitsidwe. Ngakhale galimoto ya otomatiki ili ndi 2 kapena L, kapena njira ina yotsitsira giya, ndipo anaiikirapo malo ngati amenewa.

Ndikudziwa kuti ndalama ikuvuta, ndipo zipangizo zonsezi zimachokera kunja. Sindinganyoze munthu amene wagula disiki yochotsedwa ku galimoto ina. Ngati yayezedwa, ili pamwamba pa nambala yake ndipo ilibe mng'alu, igwira ntchito. Zimene sindingavomereze ndi mapadi omatidwanso ndi guluu pa chitsulo chakale, chifukwa akatentha amatha kumatuka onse nthawi imodzi. Ngati thumba silikulola zonse mwezi uno, wailesi ndi magalasi akuda zidikire. Chiphaso cha COF nacho chisatipusitse, chimangonena za tsiku limene galimoto inayesedwa, pomwe mapadi amadyeka tsiku lililonse. Atsopano amakhala ndi mamilimita pafupifupi 10, ndipo akatsala 3 nthawi yowasintha yakwana, asanayambe kukukuta disiki.

Amakaniko ambiri amadziwa zonsezi. Amangokhala chete chifukwa akatchula disiki, mwini galimoto amaganiza kuti akufuna kumudyera. Akulu anati safunsa anadya phula, ndiye funsani ndinu. Ulendo wotsatira mukapita pagalaja, imani pomwepo tayala likachoka, muwapemphe akuonetseni nambala ya pa disiki, ayeze inu mukuona, atulutse mapini, ndipo akupatseni mapadi akale m'manja. Inunso amakaniko, mwini galimoto akakana kusintha disiki yotha, muuzeni mosabisa kuti galimoto yake siili bwino, ngakhale akwiye.