Nyumba ya kampani inali ndi cingwe cake

Anthu acikulire a ku Katete, ku Petauke ndi ku Chadiza akali kukumbukira mmene mudzi unali kutekesekera mwana wao akafika kucokera ku Lusaka pa galimoto la kampani. Ana anali kuthamangira m'fumbi, amai kululutira, ndipo madzulo pa moto nkhani inali imodzi, yakuti mwana wa uje zinthu zamuyendera. Anali kuona shuga, sopo ndi mafuta ophikira zimene zinali kusowa m'masitolo. Cimene sanali kuciona ndi cingwe cimene cinamangidwa ku makiyi a galimotolo.

Zimenezi zinakula pambuyo pa caka ca 1968, pamene a Kenneth Kaunda analengeza pa Mulungushi kuti Boma lidzatenga magawo 51 pa 100 m'makampani ambiri akulu-akulu. M'caka ca 1969, pa Matero, ananenanso cimodzi-modzi za migodi ya kopa. Makampani ambiri anaikidwa m'manja mwa INDECO, ndipo pamwamba pa onse panadzakhala ZIMCO. Mipando imene panali kukhala Azungu inayamba kupatsidwa kwa eni dziko, ndipo mpando waukulu uliwonse unadza ndi katundu wake: nyumba, galimoto, petulo, mwinanso mlonda ndi wosamalira maluwa. Palibe angatsutse kuti kunali koyenera kuti Mzambia akhale pamalo pamene kale anali kulowera ku khomo la kuseri.

Mu Lusaka udindo wa munthu unali kudziwika ndi kumene anali kugona. Kalaliki anali kukhala m'nyumba ya khonsolo ku Kabwata. Akakwera pang'ono anali kuyembekeza Chelstone. Woodlands ndi Kabulonga, kumayadi kwa mitengo ndi mipanda, kunali kwa mabwana. M'mawa onse anali kukumana pa Cairo Road, wina atatsika basi ya UBZ thukuta lili kamu-kamu, wina atatsegulilidwa citseko ndi dalaivala.

Mtengo wa kopa utagwa m'caka ca 1975, malipiro anayamba kucepa mphamvu caka ndi caka, koma nyumba sinacepe zipinda. Motero nkhondo ya m'maofesi inacoka pa ndalama ndi kupita pa mndandanda wa oyembekeza nyumba. Apa ndi pamene panabadwira miseche. Munthu anali kupita kwa bwana ndi fayilo m'manja, koma cimene wanyamula kweni-kweni ndi dzina la mnzake. Mau akuti "wako ni wako" anali kunong'onedwa munthu wobwera dzulo akalandira makiyi, pamene wa zaka khumi akali kubwereka cipinda kwa mlamu wake. Pa nthawi ya tiyi anthu anali kuyang'ana uku ndi uku asanalankhule, poopa a shushushu, pakuti m'masiku a cipani cimodzi mau onena za bwana anali kusanduka msanga mau onena za Boma.

Mabwana naonso sanali kugona tulo tabwino. Malamulo a atsogoleri, ochedwa Leadership Code, anali kuletsa akulu a nchito za Boma kukhala ndi malonda ao-ao kapena nyumba zolandirapo lendi. Colinga cinali cabwino, cakuti mtsogoleri asalemere pa msana pa anthu, koma cotulukapo cinali cakuti ambiri anakalamba opanda denga lao. Nchito ikatha, nyumba yatha, galimoto latha, ndipo ana ayenera kucoka pa sukulu yapafupi. Munthu wotero akaona colakwa pa msonkhano anali kuyamba wawerenga zipinda za nyumba yake, ndipo pomaliza anali kungogwedeza mutu kubvomera. Pamwamba pa izo, nyumba ya ku Kabulonga inali yodzaza ndi adzukulu ocokera kumudzi, yense kufuna malo a sukulu kapena kalata ya nchito, ndipo kukana mmodzi kunali kumveka mpaka ku manda a makolo.

Cakudza siciimba ng'oma. Boma litasintha m'caka ca 1991, makampani anayamba kugulitsidwa kupyolera mu Zambia Privatisation Agency imene inakhazikitsidwa mu 1992. Zambia Airways inatsekedwa mu December 1994, ndipo UBZ ndi ZIMCO zinatsatira mu 1995. Anthu zikwi-zikwi anapatsidwa makalata, ndipo ena anadikira ndalama zao za penshoni zaka zambiri.

Koma m'caka ca 1996 a Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo ndi za Boma zigulitsidwe kwa amene anali kukhalamo, zambiri pa mtengo wotsika. Kalaliki wa ku Kabwata, amene anali kusekedwa cifukwa cosakwera, anapezeka ali mwini nyumba pakati pa mzinda. Amene anapambana mndandanda wa makiyi, kaya mwa cilungamo kaya mwa kunong'oneza, anasiyira ana ao cuma. Koma amene anasamutsidwa kapena kucotsedwa miyezi yocepa lamulolo lisanadze anabwerera ku Chipata pa lole ya hayala, atanyamula mipando ya m'cipinda cocezera imene sinakwane kulowa pa khomo la nyumba ya amalume ao.