Galu Akafa, Musamseke Mwana

Inu makolo a kwa Magodi, galu akafa pakhomo timangoti, "Ndi galu cabe." Koma mwana amene anali kupita naye kubusa wataya bwenzi. Musamseke akamalira. Kwirirani galuyo m'dzenje lakuya mwanayo akuona, ndipo musafulumire kumpezera wina, pakuti cisoni cifuna masiku.

Komanso funsani cimene camupha. Ngati anali kukha dovu ndi kuluma ciliconse, mwina ndi ciwewe. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo mphindi 15, napite kucipatala tsiku lomwelo, cifukwa matendawo akaonekera sacizika. Katemera wopulumutsa wolumidwa alipo kuyambira 1885, pamene Louis Pasteur anamuyesa ku France. Agalu otsala alandire katemera caka ndi caka, tingalire galu lero, mawa n'kulira mwana.