Mphongo ya ngamila si nkhokwe yoti n'kumata

Pali mawu amene afala pakati pa oweta ngamila zamalonda, makamaka amene asiya kuyenda ndi ziweto m'chipululu n'kumanga makola a simenti ndi zitsulo. Akuti nyengo yokwera ikafika, mphongo izitsekeredwa yokha usana ndi usiku, kutali ndi zazikazi, kuti mphamvu zake zisungike, tsiku lokwera idzachite zakupsa. Mawuwa amayenda limodzi ndi timavidiyo ta pa Facebook toonetsa ngamila yolusa, thovu lili mbuu kukamwa. Ife tikuwatsutsa.

Zoti mphongo imaopsa pa nyengo imeneyi, palibe akukana. Kumpoto kwa Africa ndi ku Arabia imayamba kufuna zazikazi m'miyezi yozizira, cha mu Disembala mpaka Malichi. Imakukuta mano, imachepetsa kudya mpaka kuwonda, imadziwaza mikodzo kumsana ndi mchira, ndipo kunkhongo kwake kumatuluka madzi akuda onunkha amene imapaka m'mitengo ndi pansi. Amene anagonapo pafupi ndi khola la tonde angaganizire fungolo, kenako aliwonjezere. Imatulutsanso pambali pa kamwa kathumba kofiirira kodzaza mpweya, kamene Aluya amati dulla. Ambiri akakaona m'mavidiyo amati ndi lilime, ena amati yasanza chifu, koma ndi mnofu wofewa wa kumwamba kwa m'kamwa. Nyama yotere ikaluma munthu imathyola fupa, ndipo itha kupha. Mpanda wolimba ndi wofunika ndithu.

Pamene pali bodza ndi pa mawu akuti kusunga. Chilakolako cha mphongo si chimanga choti ukamata nkhokwe udzachipeza chonse. Dandaulo lalikulu la anthu osunga ngamila zamphongo m'tizipinda, kuti azitapa umuna wobereketsera, n'lakuti mphongozo zimazizira, zimachita mphwayi zikaona yaikazi.

Ku Médenine, kum'mwera kwa Tunisia, kuli bungwe lofufuza za madera ouma lotchedwa Institut des Régions Arides. Akatswiri akumeneko, pamodzi ndi anzawo a ku yunivesite ya Bari ku Italy, ena mwa iwo Meriem Fatnassi ndi Barbara Padalino, anayesa njira zitatu ndipo anafalitsa zotsatira zake mu 2014. Njira yoyamba ndi yomwe mawu ofalawa akutamanda: mphongo m'kachipinda kake maola 24. Yachiwiri, maola 23 m'kati ndi ola limodzi panja. Yachitatu inali ndi ola lomwelo lapanja, kuwonjezapo mphindi 30 zoonana ndi gulu la zazikazi. Kusintha kwakukulu kunaoneka pa njira yachitatuyi. Mphongo zinaonetsa kwambiri makhalidwe a nyengo yokwera, ndipo cortisol, homoni imene imachuluka m'magazi nyama ikapanikizika, inatsika.

Zotsekeredwa tsiku lonse zija zinkatani? Zinkazungulira m'kachipindamo mosalekeza, kugwedeza thupi uku ndi uko, kutafuna zitsulo za pakhomo, ngakhale kudziluma. Mwini khola akaona zimenezi amanyadira, amati onani mphamvu zasefukira. Ife tikuona nyama imene yasowa chochita ndi thupi lake. Mphongo zimene anayesa zinali zowerengeka ndi zala, ndiye wina atha kunena kuti umboniwo ngwochepa. Chabwino, abweretse wake wosonyeza kuti kutsekera kumachulukitsa ana. Kufikira lero chimene chikuyenda ndi mavidiyo a thovu basi.

Nkhaniyi imakula tikaganizira mmene ngamila imatengera bere. Ng'ombe yaikazi imatulutsa dzira pa nthawi yake, kaya nkhunzi ilipo kaya palibe. Ngamila ayi. Dzira lake limadikira kukweredwa, ndipo mu umuna momwemo muli chinthu chimene chimalidzutsa kuti lituluke. Kukwerako kumachitika yaikazi itagwada pansi, ndipo si kwa kaphindi ngati kwa mbuzi. Kumatenga mphindi zingapo. Mphongo yozizira, kapena yosokonezeka mutu moti imangoluma yaikazi m'malo moikwera, imatayitsa nyengo yonse. Bere la ngamila ndi la miyezi pafupifupi 13, ndipo kawirikawiri imaswa kamodzi pa zaka ziwiri. Woweta amene waphonya miyezi yozizira adikira chaka chathunthu, wopanda mwana, wopandanso mkaka watsopano, uku akugula chakudya cha khola lonse.

Abusa a ku Somalia ndi kumpoto kwa Kenya sanafunikire chipangizo choyezera magazi kuti adziwe zimenezi. Amasankha mphongo imodzi yabwino kuti iziyenda ndi zazikazi makumi angapo, zina amazifula kapena kuzipatula kuti zisamenyane. Yosankhidwayo imayenda mitunda, imanunkhiza, imaona gulu lake tsiku lililonse.

Sitikuuza mwini khola wa ku Tunisia kapena ku Dubai kuti agwetse makoma. Njira yachitatu ija inasiyabe mphongo m'kachipinda maola 22 ndi theka. Chimene inafuna ndi bwalo lotchinga bwino, wantchito wodziwa kuima patali ndi mano a ngamila, ndi ola limodzi ndi theka pa tsiku.