Kodi Buku Liitana Maliro?

Abale anga, mwezi wathawu mkulu wina wa kwathu kuno ku Mtakataka analanda buku m'manja mwa mwana wace wamkazi, nafuna kuliponya pamoto. Anati, buku lonena za ana akufa liitana maliro pakhomo. Ine nditi mkuluyo analakwa, ndipo alakwa pamodzi naye onse oganiza cotero.

Bukulo dzina lace ndi The Fault in Our Stars. Analilemba John Green wa ku America, nalisindikiza m'caka ca 2012. Linena za Hazel, namwali wa zaka 16, amene khansa inamlowa m'mapapo, kotero kuti ayenda ndi botolo la mpweya. Ndi za Augustus, mnyamata wa zaka 17, amene anadulidwa mwendo cifukwa ca khansa ya m'fupa. Awiriwa akondana, apita ulendo ku Amsterdam, ndipo potsiriza amwalira ndi mnyamatayo, amene onse anamuyesa wocira.

Sindinena kuti bukuli liribe cirema. Anawo agonana asanakwatirane, ndipo ciyembekezo ca kuuka kwa akufa cimveka mozizira m'menemo. Izi mphunzitsi aziuza ana osabisa. Koma pa cinthu cimodzi bukuli litiposa ife akulu: lilola mwana wodwala kulankhula za imfa yace.

Taonani macitidwe athu. Mwana akadwala nthenda yaikulu, tinong'onezana kuseri kwa nyumba. Tikalowa, timuuza kuti mawa adzauka. Iye aona maso ofiira a amace, nazindikira zonse, koma akhala cete kuti asatiliritse. Cotero asenza yekha katundu amene akadasenza ndi mudzi wonse. Kodi cimeneci ndi cikondi? Iai, ndi mantha athu ife.

Ndipo manthawo apha. Kuno kunyanja, kumene malungo acuruka, iripo khansa ya ana yotupitsa nsagwada kapena mimba msanga msanga. Dotolo Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda m'caka ca 1958, ndipo ichedwa ndi dzina lace. Ana ambiri acira akalandira mankhwala ace nthawi isanathe. Koma ife tiona cotupa, tiyamba kufunsana za amene walodza mwana. Masabata apita tiri kwa sing'anga, ndipo pofika ku cipatala ca Mua, kuti atitumize ku Lilongwe, nthenda yakula. Amene anazolowera kuopa dzina la nthenda acedwa kuifunira mankhwala.

Ena ati, wodwala wotere alibe nthawi ya cikondi, angodikira tsiku lace. Kodi cikondi ciyesedwa ndi kucuruka kwa zaka? Mishoni ya Mua itakhazikika m'caka ca 1902, kunadza nthawi imene akhate anasonkhana kumeneko kudzasamalidwa, anthu amene midzi yao inawaopa. Owasamalawo sanafunse kuti atsala ndi masiku angati. Ndiponso ku Salima kuli nyumba ya Ndi Moyo, yocepetsa ululu wa odwala amene sadzacira. Dzina lace lokha litikumbutsa kuti munthu ali wamoyo kufikira mpweya wace wotsiriza, ndipo ayenera kucezeredwa, kuseka, ndi kukondedwa.

Mnyamata wowerenga buku lotere sadzathawa mnzace wodwala. Adzadziwa kukhala naye pamphasa, osamnamiza, osamlalikira kosatha. Ambuye wathu mwini sanathawe nyumba ya Yairo, ngakhale manda a Lazaro.

Cifukwa cace, akulu anzanga, musatenthe bukulo. Khalani ndi mwana wanu madzulo, akufotokozereni nkhaniyo m'Cicewa. Mumuonetse pamene anawo anasokera, nimumpatse ciyembekezo cimene bukulo lisowa. Ndipo mukaona cotupa pa nsagwada ya mwana, musadikire mwezi uthe. Nyamukani m'mawa mwace.