Hutala ya Sitima Si Choseweretsa

Ku America kuli anthu amene amakonda kusonkhanitsa mahutala akale a sitima za pamtunda. Chaka ndi chaka iwowa amakomana pamodzi ndi anzao okonda za njanji, ndipo umodzi wa misonkhano yao yodziwika unakhala ukuchitika ku Oak Ridge m'chigawo cha Tennessee. Munthu amadza ndi hutala imene waikonza yekha, nailumikiza ku thanki ya mpweya kapena kuimangirira pa injini ya sitima, kenaka nailiza, anzake ali tcheru kuti amve ngati mau ake ali monga analiri kale. Wakumva izi akhoza kuseka, nati awa ndi masewera a anthu okhuta. Koma woganiza bwino adzaona kuti chimene anthuwa akusunga si chitsulo chabe ai.

Mbiri imanena kuti m'chaka cha 1833, ku England, injini yotchedwa Samson inagunda ngolo ya mazira ndi batala pamene msewu unkadutsa njanji ya Leicester and Swannington. Pambuyo pa ngoziyo anapanga lipenga lolira ndi nthunzi, ndipo kwa zaka zoposa 100 mluzu wa sitima ya malasha unali mau amene ngakhale mwana ankawazindikira. Pamene injini za dizilo zinafika, nthunzi panalibe, ndipo mahutala ao oyamba ankalira liu limodzi longa la lole. Oyendetsa galimoto ena ankayesa kuti ndi lole inzao, nalowa m'njanji. Chifukwa cha ichi Robert Swanson wa ku British Columbia, dziko la Canada, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 anapanga hutala ya timalipenga tingapo tolira pamodzi monga mluzu wakale uja. Kuchokera pa nzeru yakeyo munatuluka mahutala a Nathan AirChime, monga K5LA ya timalipenga 5 imene inatchuka pa sitima za Amtrak. Tsono hutala iriyonse imene osonkhanitsa aja amaipukuta iri ndi phunziro limene linagulidwa ndi miyoyo ya anthu.

Boma la America nalo silinayese nkhaniyi yaing'ono. Lamulo la m'chaka cha 2005 likuti woyendetsa sitima ayambe kuliza hutala masekondi 15 mpaka 20 asanafike podutsa msewu, ndipo kalizidwe kake ndi aka: kawiri motalika, kamodzi mwachidule, kamodzinso motalika. Mudzi wofuna bata usiku ukhoza kuloledwa kuti sitima zisamalize hutala m'dera lake, koma pokhapokha utayamba wakhwimitsa chitetezo cha podutsapo, monga poika zipata zokwanira. Apa pali nzeru, pakuti tulo ta anthu ndi tofunika, koma moyo uposa tulo.

Pali chinthu chimodzi chimene misonkhano imeneyi iyenera kudzudzula poyera. Anthu ena amaika mahutala a sitima pa magalimoto ao kuti adzidzimutse oyenda pansi, iwo nkumaseka. Khalidwe lotere limapeputsa chenjezo. Mau amene amveka paliponse popanda chifukwa, anthu amawazolowera, ndipo tsiku limene sitima yeniyeni idzalira sadzatembenuka. Wosunga hutala mwaulemu ndi mphunzitsi, koma woiliza pamsika ndi mdani wa ntchito ya anzake.

Kwa owerenga a ku Malawi nkhaniyi si yakutali. Njanji inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo lero sitima zazitali za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa ku Liwonde ndi ku Nayuchi popita ku Nacala, pakati pa midzi, misika ndi masukulu. Sitima siikhota kuti ilewe munthu, ndipo yolemera ikathamanga ikhoza kupitirira mtunda wa mailosi imodzi isanaime. Chimene woyendetsa ali nacho m'manja ndi hutala yokha. Nkoyenera tsono kuti aphunzitsi a m'masukulu oyandikana ndi njanji azikumbutsa ana tanthauzo la mau amenewa, ndiponso kuti a ntchito za Boma aonetsetse kuti zikwangwani za podutsa ziri zooneka bwino. Akulu akale anati wosamva anamva nkhwangwa iri m'mutu. Pa njanji munthu sachenjezedwa kawiri.